Kalata yotseguka kwa oyang'anira za usodzi: tiganizireko mmene nsomba imafera

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za usodzi,
Bwana Mkulu wa Nthambi ya za Usodzi,
a Gogo Chalo ndi mafumu onse a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje,
ndi makomiti a m'madoko,

Ndakulonjerani nonse, akuluakulu anga.

Ndine mmodzi mwa anthu ambiri amene adaphunzira sukulu ndi ndalama ya nsomba. Kwathu ndi kugombe, ndiwo zathu ndi usipa, utaka ndi kampango, ndipo sindikulemba kuti wina aleke kuponya ukonde. Ndikupempha chinthu chimodzi chimene sichimveka pa misonkhano ya usodzi: kuti m'malamulo a boma, m'maphunziro a alangizi ndi m'malamulo a m'madoko mulowe mawu onena za mmene nsomba imafera ikakhala m'manja mwathu. Pa misonkhano timakamba za matani, za kukula kwa maso a ukonde, za ziphaso, za kutseka nyanja pa 1 Novembala. Zonsezo n'zofunika ndipo ndimaziyamikira. Koma zimayankha funso lakuti nsomba zatsala zingati. Funso lakuti nsomba imene yagwidwa kale ikumva chiyani, ndipo ikhala ikumva zimenezo kwa nthawi yaitali bwanji, palibe amene amalifunsa.

Ndikudziwa kuti ena akangomva nkhaniyi anena kuti ndi nkhawa za anthu okhuta, kuti dziko limene ana ake akunyentchera lilibe nthawi yolirira nsomba. Mawu amenewo sindikuwapeputsa, ndipo ndiwayankha. Koma ndiloleni ndiyale kaye zimene zidapezeka, chifukwa ambiri a ife tidakula tikuuzidwa kuti nsomba siimva kanthu, ndipo umboni wake unali wakuti siilira. Mbuzi ikamazingidwa ndi mpeni wobuntha mudzi wonse umamva, wozingayo amadzudzulidwa pomwepo. Nsomba ilibe mawu oti khutu lathu limve, nkhope yake siisintha, maso ake alibe zikope zoti itsinzine. Tidatenga kukhala chete kwakeko ngati chilolezo.

Mu 2003 akatswiri atatu a ku Edinburgh ku Scotland, Lynne Sneddon, Victoria Braithwaite ndi Michael Gentle, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo pa nsomba yotchedwa trout, mtundu womwewo umene udabweretsedwa m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba. Atapima mitsempha ya kumutu ndi kumaso kwa nsombayo adapeza timalo 58 tomvera zokhudza khungu, ndipo 22 mwa timeneti tinali ta mtundu umene umadzuka thupi likamavulazidwa: likamapsa, likamatswanyidwa, likathiridwa mankhwala owotcha. Tina mwa timalo timeneti tili pa milomo, pomwe mbedza imakola.

Sadalekere pomwepo, chifukwa kukhala ndi mitsempha pakokha si umboni wa kumva kuwawa. Nsomba zina adazibaya pa mlomo ndi poizoni wa njuchi, zina ndi asidi wa mu viniga, zina ndi madzi amchere osavulaza. Zobayidwa madzi amchere sizidachedwe kuyambanso kudya. Zinazo zidatha maola pafupifupi atatu osakhudza chakudya, zikupuma mothamanga, zina zikugwedezeka uku ndi uku pansi pa thanki, ndipo zobayidwa asidi zinkakwecha milomo pa timiyala. Zitapatsidwa morphine, mankhwala amene achipatala amapereka kwa wodwala amene ululu wamukulira, khalidwe lachilendo lija lidachepa kwambiri. Adayesanso china. Trout imaopa chinthu chimene siinachionepo, choncho adaika m'thanki kansanja ka zidole za Lego. Nsomba zabwinobwino zidakatalikira. Zobayidwa asidi sizidakalabadire n'komwe, maganizo onse ali pa bala. Koma zobayidwa asidi zimene zidalandira morphine zidakaopa kansanjako ngati zinzake. Mankhwala opha ululu sakadabwezera cholengedwa nzeru zake chikadakhala kuti sichimamva ululuwo.

Alipo akatswiri amene amatsutsa, ndipo n'koyenera kuwatchula. James Rose wa ku Wyoming ku America mu 2002, ndi Brian Key wa ku Queensland ku Australia mu 2016, adalemba kuti nsomba ilibe chigawo cha ubongo chotchedwa neocortex, chimene mwa anthu chimathandiza kuzindikira ululu, motero kuphiriphitha kwake ndi kwa thupi lokha, mwini wake sadziwa kanthu. Ndi mfundo yofunika kuimvetsera. Komabe mbalame nazo zilibe chigawo chimenecho mmene chilili mwa ife, ndipo palibe mayi amene amakayika zoti nkhuku yothyoka mwendo ikumva kuwawa. Dziko la Britain, m'lamulo lake la 2022, lidaika nsomba m'gulu la nyama zimene zimamva. Mu Epulo 2024 akatswiri ambiri adasainira chikalata ku New York chonena kuti n'zothekadi kuti nyama zonse za msana, nsomba zomwe, zimazindikira zimene zikuzichitikira, ndi kuti pamene kuthekera kotere kulipo n'kusasamala kukunyalanyaza popanga ziganizo zozikhudza.

Ine ndidakhutira kuti nsomba imamva kuwawa. Koma ngakhale inu mutati mkanganowu sudathe, taikani mbali ziwirizi pa sikelo. Tikapha nsomba msanga koma ikhale kuti sinkamva kanthu, tataya masekondi owerengeka. Tikaisiya ikuphupha padzuwa kwa maola koma ikhale kuti ikumva, tachita nkhanza kwa zolengedwa zosawerengeka, tsiku lililonse, popanda chimene tapindula.

Sindikufuna kuti nkhaniyi ioneke ngati ya nsomba za kutali, chifukwa nsomba za m'nyanja yathu ndi zina mwa zimene zadabwitsa ofufuza. Mu 2022 gulu la Vera Schluessel pa yunivesite ya Bonn ku Germany lidaphunzitsa mbuna, timbuna tomwe timasewera m'miyala ya ku Cape Maclear, kuwonjezera ndi kuchotsera chimodzi pa manambala a pakati pa 1 ndi 5. Zithunzi za buluu zinkatanthauza kuwonjezera, za chikasu kuchotsera, ndipo mbuna zisanu ndi imodzi mwa zisanu ndi zitatu zidaphunzira. Kaligono amagona cham'mbali pamchenga ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzajompha iye n'kudzambatuka. Kampango wamkazi ndi wamwamuna amalondera ana pachisa, wamkazi akuwaikira mazira osaswa kuti adye, wamwamuna akuwabweretsera tizilombo tochokera mumchenga. Msodzi wa mbedza aliyense akuuzani kuti nsomba imene idapulumukapo pa mbedza imavuta kuinyenga kachiwiri, ndipo ku Netherlands kafukufuku wa mu 1970 pa nsomba ya carp adasonyeza kuti yokoledwa kamodzi imatha kuipewa mbedza ngakhale patapita chaka.

Nanga chambo? Yaimuna imakonza chisa chozungulira pamchenga, yaikazi imatola mazira n'kuwasunga m'kamwa kwa masabata, osadya mokwanira, mpaka ana ataswa, ndipo ngakhale ataswa amathawira m'kamwa momwemo kukabwera choopsa. Aliyense amene adakokapo khoka m'nyengo yoswana adaziona: chambo chikagwera m'bwato chimalavula ana, tinthu tating'ono ngati njere za mpunga tikuphiriphitha m'madzi a pansi pa bwato, alovi akupondapo osadziwa. Lamulo lotseka nyanja limateteza ana amenewa chifukwa ndiwo matani a chaka chamawa. Ndikupempha kuti pa chifukwa chimenecho tiwonjezerepo chachiwiri, chakuti mayi wawoyo ndi cholengedwa chimene chimamva.

Tsopano ndikutengereni ku msika. Pitani m'mawa pa msika uliwonse wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa kapena m'chigwa cha Shire mukaime pamene pali milamba. Muipeza m'beseni lopanda madzi, ina pamwamba pa inzake, ya pansi itapanikizika. Khungu la ya pamwamba lauma, layamba kuchita makwinya, ntchentche zikutera pa maso. Mukayang'anitsitsa muona ndevu zikugwedera, kamwa ikutseguka pang'onopang'ono n'kutsekekanso. Mlamba uli ndi chiwalo pamwamba pa makha chimene chimaulola kupuma mpweya wa pamtunda, ndiye chifukwa chake umapulumuka m'matope dambo likamauma. Mphatso yomweyo ndi imene imausautsa pa msika, chifukwa umatha maola ambiri usanafe. Wogulitsa amauwaza timadzi kuti usafe msanga, wogula akafika amaugwedeza ndi chala: "Ngwamoyo uwu, mayi, taonani nokha." Wogula akasankha, luzi limalowa m'makha n'kutulukira kukamwa, mlamba n'kulendewera pa njinga ulendo wonse wa kumudzi. Kunyumba ena amauthira phulusa lamoto kapena madzi otentha kuti achotse kuterera, ena amautumbula ukadali kuphiriphitha.

Mayi wogulitsayo si wankhanza. Alibe firiji, ayezi ndi wodula, ndipo moyo wa mlambawo ndiwo umboni wokhawo umene ali nawo woti katundu wake ndi wa lero. Wogulayo nayenso akuchita zimene adaona makolo ake akuchita. Palibe amene adawauzapo kuti pali njira ina, ndipo ntchito youza anthu njira ina ndi yanu, inu amene muli ndi alangizi m'maboma onse a kunyanja. Beseni lomwelo likadakhala ndi madzi, lili pamthunzi, milamba yosadzaza kwambiri, ndipo wogulitsa n'kumapha mlamba pomwepo wogula asananyamuke, umboni woti ndi wa lero ukadakhalapobe.

Kunyanja nkhani yaikulu ndi ya matchera. Amatchedwa madzulo, kukawonjola m'mawa. Nsomba imalowetsa mutu m'diso la ukonde, ulusi n'kukola kuseri kwa makha, pomwe imapumira. Ikamalimbana kuti ituluke ulusi umalowerera m'mnofu, mamba amasupuka, kupuma kumavuta. Imene yakodwa dzuwa likungolowa imafa pang'onopang'ono usiku, ndipo imakhala m'madzi ofunda mpaka kucha. Msodzi amaidziwa akangoigwira: makha ayera, mimba yafewa, maso achita chifunga. Imeneyo siigulidwa pa mtengo wa yaiwisi, imapita kowamba. Ku zombo zokoka makoka akuluakulu m'madzi akuya nako kuli zake. Ndunduma ndi chisawasawa zikakwezedwa mofulumira kuchokera pansi, kathumba ka mpweya ka m'mimba kamafufuma, maso amatong'oka, nthawi zina matumbo amatulukira kukamwa, ndipo zimene zili kumapeto kwa khoka zimatswanyika ndi kulemera kwa zinzake. Zotsala ndi moyo zimafera pa sitima chifukwa chobanika.

Kubanika kumeneku si kwa kanthawi kochepa monga tiganizira. Ofufuza a ku Netherlands atayeza nsomba za m'nyanja ya mchere monga herring ndi cod mu 1996, adapeza kuti zongosiyidwa pamtunda zinkatenga mphindi 55 mpaka 250 kuti zileke kuzindikira, ndipo zotumbulidwa zamoyo zinkatenga mphindi 25 mpaka 65. Alison Mood ndi Phil Brooke a ku Britain adawerengera kuti nsomba zogwidwa m'nyanja ndi m'mitsinje pa dziko lonse zimakwana pakati pa 1.1 ndi 2.2 thililiyoni pa chaka, ndipo pafupifupi zonsezo zimafa motere. Vutoli si la Malawi yekha, ndipo sindikunena kuti asodzi athu ndi oipa kuposa ena. Ndikunena kuti gawo lathu tingathe kulikonza tokha.

Olemekezeka a Nduna, poyambira pabwino ndi pa ulimi wa nsomba, chifukwa kumeneko nsomba ili m'manja mwa munthu kuyambira tsiku loswa mpaka tsiku lokolola. Boma likulimbikitsa madamu a makumba, chilunguni ndi milamba m'maboma ambiri, ndipo ku Mangochi kuli makola oweteramo chambo m'nyanja. Dziko lathu ndi membala wa bungwe loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse la WOAH, limene kale linkatchedwa OIE. Kuyambira mu 2008 bungweli lakhala likuika m'malamulo ake a nyama za m'madzi mitu yonena za kasamalidwe ka nsomba zoweta, ndipo mu 2010 lidavomereza mutu wa kakomoledwe ndi kaphedwe kake. Mutu umenewu umatchula njira zimene zimazunza nsomba: kuichotsa m'madzi kuti ibanike, kuiika yamoyo m'madzi a ayezi, kuisambitsa mu mchere, kuidula makha isanakomoke. Njira yoyambayo ndi imene imachitika pa madamu ambiri tsiku lokolola. Lamulo lathu la za usodzi la 1997 ndi ndondomeko ya za usodzi ndi ulimi wa nsomba ya 2016 zidalembedwa poganizira kuteteza nsomba kuti zisathe ndi kuchulukitsa zokolola. Pamene mukuunikanso zolembedwazi, ikanimo zimene tidavomereza kale ku WOAH, ndipo kampani iliyonse yoweta nsomba zambiri isalandire chiphaso isanaonetse mmene izidzaphera nsomba zake. Ulimiwu ukadali waung'ono, ndipo n'kosavuta kuuwongola lero kusiyana ndi pamene mafakitale adzakhale atamangidwa kale.

Njira yake si yodula. Kwa chambo, makumba, kampango, mcheni ndi nsomba ina iliyonse yoti munthu angaigwire ndi dzanja limodzi, chofunika ndi kachibonga kolemera bwino. Nsomba igwidwe zolimba, imenyedwe kamodzi mwamphamvu pamwamba pa mutu, kuseri pang'ono kwa maso, pomwe pali ubongo, kenaka makha adulidwe nthawi yomweyo kuti magazi atuluke isanatsitsimuke. Kuti mudziwe ngati yakomokadi, yang'anani zivundikiro za makha ngati zaleka kutseguka ndi kutsekeka, ndipo muipendeketse: nsomba yozindikira imatembenuza maso kuti akhale chilili, yokomoka maso ake amangotsatira mutu. Mlangizi angaphunzitse zimenezi pa doko m'mawa umodzi, mwana wa sitandade 6 n'kuzigwira. Ku Switzerland malamulo amene adakhazikitsidwa mu 2008 amafuna kuti msodzi wa mbedza aphe nsomba yake mwamsanga motere, ndipo ofuna chiphaso cha nthawi yaitali amayamba aphunzira kaye.

Mlamba ndiwo wovuta, chifukwa chigaza chake ndi cholimba ndi chophwatalala, moti kumenya mosadziwa kumangouvulaza. Ku Wageningen ku Netherlands, dziko limene limaweta mlamba wathu womwewu m'matanki, Bert Lambooij ndi Hans van de Vis adayeza ubongo wake ndi makina. Adapeza kuti woikidwa wamoyo m'madzi a ayezi umatenga mphindi zoposa khumi usanakomoke, uku ukuvutika, pomwe magetsi oyezedwa bwino amaukomola m'sekondi imodzi. Makina otere kampani yaikulu ingawagule. Mayi wa pa msika wa ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, sangawagule, ndipo iye akufunika njira ya mpeni kapena ya chitsulo chosongoka yoti ifike pa ubongo mosaphonya. Apa ndipo pofunika akatswiri athu: a ku Domasi, a ku Monkey Bay, a ku Bunda ndi a ku yunivesite ya Mzuzu. Ayese pa mlamba ndi pa chambo, apeze malo enieni ndi chida choyenera chimene mmisiri wa pa msika angasule, ajambule chithunzi chimodzi chomveka bwino choti chipachikidwe pa doko lililonse.

Ndibwerere kwa amene akuti dziko losauka lilibe nthawi ya zimenezi. Nsomba imene yafa ikulimbana kwa nthawi yaitali imatha mphamvu zonse za m'minofu, asidi amachuluka m'mnofu, imauma thupi msanga n'kufewanso msanga, ndipo imayamba kununkha mofulumira. Imene yaphedwa nthawi yomweyo n'kuchotsedwa magazi imakhala ndi mnofu wolimba ndi woyera, ndipo imapirira ulendo. Asodzi a ku Japan ali ndi njira yawo yotchedwa ikejime, yobaya ubongo ndi chitsulo chosongoka nsomba ikangotuluka m'madzi, ndipo amachita zimenezi chifukwa nsomba yotere imagulidwa pa mtengo wokwera. Kwa ife amene chambo chathu chimayenda pa msewu wotentha kuchoka ku Mangochi kupita ku Limbe kapena kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe, maola owonjezera amenewo ndi ndalama m'thumba la msodzi ndi la mayi wa geni. Chimodzimodzi kuwonjola matchera pakati pa usiku m'malo modikira kucha: nsomba zovutika usiku wonse zichepa, zoola zichepanso. Koma ndinene poyera kuti ngakhale phindu la ndalama likadapanda kukhalapo ndikadalembabe kalatayi. Umphawi sudatiletsepo kunola mpeni tisanazinge nkhuku, ndipo m'matchalitchi ndi m'mizikiti yathu timaphunzitsidwa chifundo kwa zolengedwa popanda kufunsidwa kaye kuti tili ndi ndalama zingati.

Pali malire, ndipo sindiwabisa. Chilimira imodzi imatulutsa usipa zikwizikwi, ndipo palibe munthu amene angaphe kamodzikamodzi. Usipa ndiwo ndiwo ya mwana wa ku Dedza ndi wa ku Mzimba amene nyama amaiona pa Khirisimasi pokha, ndipo sindingayerekeze kunena kuti uleke kugwidwa. Kumeneko chifundo chili pa kusapha chimene sitidya. Neti ya udzudzu ikasanduka khoka imakokolola bonya, kasawala ndi ana a nsomba za mitundu yonse, tambirimbiri tofera kudzaza mbale imodzi. Usipa umene wagwidwa m'dzinja n'kuolera pa thandala chifukwa cha mvula wafa pachabe. Nyumba zoyanikiramo za pulasitiki zogwiritsa ntchito dzuwa, zimene zidayesedwa kale m'madoko ena, zikafalikira zichepetsa imfa zopanda pake zimenezi. Ndalama yoikidwa pamenepo ikuteteza chakudya ndiponso ikuchepetsa nkhanza.

Zina lamulo lidaletsa kale, chatsala ndi kulimbikira. Katupe akathiridwa mumtsinje nsomba zonse zimayandama zikuvutika kupuma, zazikulu ndi zazing'ono, pamodzi ndi tizilombo ta m'madzi timene nsombazo zimadya, ndipo mpasa ndi sanjika zimene zimakwera mitsinje ngati Bua kukaswa zimathera panjira. Maukonde a monofilament, a ulusi umodzi wa pulasitiki, ndi otsika mtengo, choncho akang'ambika amangotayidwa m'madzi. Pulasitiki yake siola. Ukonde wotayidwa umapitiriza kukola nsomba kwa miyezi ndi zaka, yokodwa imafa n'kuola, fungo lake limaitana zina, nazo n'kukodwa, popanda munthu wodzadya ngakhale imodzi. Kulanda ndi kutentha maukondewa pa doko kumathandiza, koma amalowa m'dziko muno kudzera m'zipata za m'malire ndipo amagulitsidwa m'masitolo odziwika. Msodzi wosauka asamakhale yekha wolangidwa pamene wobweretsa katunduyo akuyenda mwaufulu. Ganiziraninso zoti komiti ya pa doko izilandira ukonde wong'ambika n'kupereka kangachepe, kuti msodzi aziona chifukwa choubweretsera kumtunda. Ndipo musaiwale mbuna zimene zimatumizidwa zamoyo kunja m'matumba a pulasitiki kukakongoletsa nyumba za ku Ulaya ndi ku America: chiphaso cha malonda amenewa chizinena za kuchuluka kwa nsomba m'thumba ndi kutalika kwa ulendo.

A Gogo Chalo ndi mafumu anga, gawo lalikulu la pempholi lili kwa inu, chifukwa mlangizi wa boma amafika pa doko mwa apo ndi apo pomwe inu mumagona pomwepo. Chilumba cha Mbenji ku Salima chidatiphunzitsa kuti lamulo la mfumu limagwira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka chilumbachi m'nyengo ya mvula n'kuchitsegula ndi mwambo chakumapeto kwa dzinja. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pa chilumbapo, zida zowononga n'zoletsedwa, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenji udakalipo mpaka lero. Ngati mfumu ingauze mnyamata wa mphamvu zake kuti asamwe mowa kwa miyezi ndipo iye n'kumvera, ingathenso kumuuza kuti bwato lililonse la mbedza ndi la matchera lizikhala ndi kachibonga, kuti kampango asamaponyedwe pamchenga wotentha ali moyo, kuti ana asamasewere ndi nsomba yamoyo poikoka pa chingwe.

Tidaona kale zimene zimachitika tikamaona nsomba ngati mulu chabe. Ku nyanja ya Malombe chambo chinkagwidwa matani oposa 8,000 pa chaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangotha zaka khumi chidatsika kufika pa matani mazana owerengeka. Kugwa kumeneko ndiko kudabala makomiti a m'madoko mu 1993. Mu 2018 bungwe loteteza zachilengedwe pa dziko lonse la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Nchila, imene agogo athu ankadzaza nayo mabwato, ana a lero ambiri sadaionepo. Ndikukhulupirira kuti msodzi amene waphunzira kugwira nsomba imodzi, kuiyang'ana m'maso ndi kuipha mwaulemu, sadzakhala womasuka kukokolola kasawala ndi neti ya udzudzu. Makomiti amene adakhazikitsidwa kuti ateteze kuchuluka kwa nsomba ndi omwewo angaphunzitse zimenezi, popanda ofesi yatsopano kapena galimoto yatsopano.

Bwana Mkulu, alangizi anu ambiri amadutsa pa koleji ya za usodzi ya ku Mpwepwe ku Mangochi. Ikani m'maphunziro awo phunziro la kagwiridwe, kanyamulidwe ndi kaphedwe ka nsomba, aliyense atuluke atayeserapo ndi manja ake pa chambo ndi pa mlamba. Sankhani madoko ochepa ndi misika iwiri kapena itatu, mwina ku Chilwa, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, muyese kwa nyengo imodzi, muyerekeze mtengo ndi kukhalitsa kwa nsomba zophedwa msanga ndi zosiyidwa kuti zibanike, ndipo zotsatira zake mudzaziuze asodzi eni ake. Uthengawo udzamveke pa wailesi za m'madera m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chisena, makamaka m'miyezi imene nyanja yatsekedwa, pamene asodzi amakhala pamtunda akusoka maukonde ndipo ali ndi mpata womvetsera ndi kufunsa mafunso.

Ndidikira yankho lanu.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa kugombe, Nkhotakota